Galimoto yomwa magetsi popanda waya: ife akumudzi itikhudza pati?

Kuno ku Bembeke tadzuka bwino, kungoti chisanu chanyanya, m'mawa uno mpini wa khasu umachita kuluma m'manja. Kachewere wakudimba akuoneka bwino, tikungopempha kuti chiwawu chisamupeze. Lero ndalemba zazitali, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono muwerenge mawa, nkhaniyi siwola.

Masabata atatu apitawo muphwa wanga wa ku Johannesburg ananditumizira kanema pa WhatsApp, pansi pake atalemba kuti, "Amalume, taonani pamene dziko lafika." Mukanemamo galimoto ikubwerera chambuyo pang'onopang'ono n'kukaima pamwamba pa chimbale chathyathyathya chimene chili pansi, kukula kwake ngati chitseko cha khola la mbuzi. Woyendetsa watsika, wakhoma chitseko, wapita. Palibe waya amene walumikiza, palibe paipi ya mafuta. Koma kanyali kobiriwira kayaka, ati batire ya galimotoyo yayamba kudzaza.

Ndinapita nayo foni ija pa bawo ku tireding'i senta, ndipo mukanaona mkangano wake. Agogo ena anati umenewo ndi ufiti wa azungu, mbale wake wa ndege ya lichero. Wina anati n'zabodza, masiku ano makompyuta akupanga makanema oti ngakhale mbuzi iziyankhula. Anyamata a kabaza ndiye anachita kudumpha, ati mavuto a mafuta atha basi. Ine zonsezi ndinkangoseka, mpaka madzulo pamene mwana wanga wotsiriza anandikhazika pansi. Mnyamatayu watha chaka akundinyengerera kuti tigulitse ng'ombe ziwiri zangolo timugulire njinga yamoto ayambe kabaza. Tsiku limenelo anabwera ndi nyimbo ina: "Bambo, tisagulenso yapetulo. Tigulitse ng'ombezo ndalama tisunge, tidikire yamagetsi yotchaja yokha ija."

Apo kuseka kunatha. Nkhani ikafika pa khola langa ndiye kuti si ya azungu okha ayi.

Mukudziwa kuti ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndinapita kwa aphunzitsi a sayansi a pa sekondale yoyendera pafupi nafe pano, amene amagula kachewere kwa ine. Mdzukulu wanga wa Folomu 3 naye anakhala nane madzulo angapo, iye kufufuza pa intaneti ndi kumasulira, ine kufunsa. Zimene ndapeza ndi zimene ndikukupatsiraniko, kenako ndinene maganizo anga.

Choyamba, agogo aja andikhululukire, ufiti palibepo. Anzanga a msinkhu wanga mukukumbukira dinamo ija inkakhala pa njinga zakale, kabotolo kachitsulo kotsamira pa tayala. Ukamapalasa kamutu kake kankazungulira, nyali n'kuyaka. M'kabotolo kaja munalibe batire. Munali maginito ndi waya wa kopa wokulungakulunga. Maginito akamazungulira pafupi ndi waya, muwayamo mumabadwa magetsi, chonsecho ziwirizi sizikhudzana. Nzeru imeneyi anaitulukira mkulu wina wa ku England dzina lake Michael Faraday m'chaka cha 1831. Taonani, ndi yakale kuposa kubwera kwa Livingstone kuno.

Aphunzitsi aja anandilozera thiransifoma ili pamtengo pafupi ndi chigayo. Ati m'kati mwake muli mikulungo iwiri ya waya, wolandira magetsi ndi wopereka, ndipo mikulungo iwiriyi siyolumikizana. Mphamvu imawoloka kuchoka ku wina kupita ku unzake kudzera mu mphamvu ya maginito. Kenako anati, "Achimwene, tsopano m'maganizo mwanu dulani thiransifoma ija pakati. Theka lina muike pansi, theka lina mumangirire kumimba kwa galimoto. Chimene munaona mukanema chija n'chimenecho." Ndinamva bwinobwino ngati ndabwerera m'kalasi.

Vuto ndi mpata umene uli pakati pa nthaka ndi mimba ya galimoto, masentimita 10 mpaka 25. Kuti mphamvu idumphe mpata umenewu, magetsi ake amawachititsa kutembenukatembenuka mofulumira zedi. Magetsi a m'nyumba kuno amatembenuka ka 50 pa sekondi imodzi, koma a m'chimbale chija amatembenuka ka 85,000. Ndiponso mikulungo iwiri ija amaitchuna kuti igwirizane, monga timatchunira wailesi kuti igwire siteshoni. Ikagwirizana mphamvu imawoloka bwino. Galimoto ikaima mokhota, kutali ndi pakati pa chimbale, zimakhala ngati wailesi imene yasempha siteshoni, zambiri zimangotayika.

Anthu akhala akulota zimenezi kuyambira kale. Nikola Tesla, amene dzina lake analitcha kampani ya magalimoto ija, anayamba kumanga chinsanja chachikulu ku Long Island pafupi ndi New York mu 1901, akufuna kutumiza mauthenga ndi magetsi mumlengalenga kupita kutali. Ndalama zinamuthera, ntchito inaima, chinsanjacho anachigwetsa mu 1917. Mu 2007 akatswiri a pa sukulu ya MIT ku America anayatsa babu la mawati 60 lili pa mtunda wa mamita awiri popanda waya, koma mphamvu yoposa theka inatayikira panjira. Phunziro lake ndi lakuti magetsi opanda waya amayenda bwino pafupi pokhapokha. Musaganize kuti tsiku lina Nkula adzatiponyera magetsi mumlengalenga ngati netiweki ya foni. Zimenezo ayi.

Mu 2020 bungwe la akatswiri a zamagalimoto lotchedwa SAE linakhazikitsa muyezo umodzi, J2954, woti chimbale cha kampani ina chizitha kutchaja galimoto ya kampani ina, mpaka mphamvu ya makilowati 11. Izi ndinazimva msanga, chifukwa tonse tinavutikapo ndi matchaja a foni, wina wa pini yaing'ono, wina wa pini yaikulu, wina wophwatalala, mlendo akabwera n'kumayenda mudzi wonse kusaka wokwana.

Nanga zikugwira ntchito kuti? Ku Turin m'dziko la Italy mabasi ang'onoang'ono anayamba kutchaja motere mu 2003. Ku Gumi m'dziko la South Korea mu 2013 anayendetsa mabasi omwa magetsi kuchokera mu msewu akuyenda, atakwirira mawaya m'magawo ena a msewuwo. Ku Wenatchee ku America mabasi akutchaja pa siteji kuyambira 2018. Ku Gothenburg m'dziko la Sweden anayamba kuyesa pa mataxi a Volvo mu 2022. Ku Sweden komweko, pa chilumba cha Gotland, anakonza msewu wotchaja wa makilomita 1.6. Ku Detroit, kuchimake kwa magalimoto a ku America, anatsegula msewu wotere mu Novembala 2023, kutalika kwake pafupifupi mamita 400.

Mamita 400, abale anga. Kuchoka pakhomo panga kukafika pa mjigo. Dziko lolemera ngati America, ndiye msewu wake wotchaja ukuthera pamene mayi akunyumba amatula ndowa. Sindikunyoza ayi, chilichonse chimayamba pang'ono. Ndikungofuna muone kuti ngakhale eni akewo akadali poyesa. Ndipo mukayang'anitsitsa, kumene zagwira bwino ndi pa mabasi ndi mataxi, magalimoto amene amaima pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku.

Ubwino wake ulipo, ndiunene mwachilungamo. Basi imene imapsontha magetsi pang'ono paliponse ikaima kutsitsa anthu sifunika chibatire chachikulu, ndiye imapepuka ndipo mtengo wa batire umatsika. Kumayiko kozizira kuja, kumene madzi amaundana, munthu sagwiranso chingwe ndi manja. Nkhalamba kapena munthu wolumala amene sangathe kukoka chiwaya cholemera amangoimika galimoto basi. Komanso ndinadabwa kumva kuti ngakhale kwa azungu akuba amadula mawaya a pamalo otchajira kufuna kopa. Chimbale chokwiriridwa pansi wakuba sachidula ndi chikwanje. Amene anaganiza zimenezi mitu yawo imagwira, tisawachotsere ulemu.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Maganizo anga ndi awa: nzeruyi ndi yabwino, koma ikuchiza matenda amene ife sitikudwala.

Tiyambe ndi dzina lomwelo loti "popanda waya". Ndinafunsa aphunzitsi kuti nanga chimbale chili pansicho magetsi chimawatenga kuti? Anaseka, ati ku waya. Waya wochokera ku thiransifoma, thiransifoma yochokera ku mapolo, mapolo ochokera kumene amapanga magetsi. Tsono wayayo sanathe ayi, wangobisala. Chimene achotsa ndi kachingwe kotsiriza kokha, kamamita awiri kapena atatu, kochoka pakhoma kupita ku galimoto. Mzungu vuto lake ndi kuwerama kulumikiza kachingwe kameneko. Ife vuto lathu ndi makilomita a waya amene sanafike m'midzi mwathu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi muno, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zinkaunikira magetsi a pamapolo, ndipo zambiri mwa izo ndi za m'tauni. Munthu amene alibe chitsime sungamusangalatse pomuuza kuti kwabwera ndowa yopanda chogwirira.

Ndipo magetsi amene tili nawowo ndi ochepa, ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Inu a m'tauni simunaiwale Januwale 2022 pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, mpaka kudzabwerera mu 2023. Munkatiimbira foni kufunsa mtengo wa makala. Dziko limene lili chonchi liyambe laganiza zochulukitsa magetsi, za mmene alowere m'galimoto zibwere pambuyo.

Chachiwiri ndi kutayika. Opanga zipangizozi amati galimoto ikaima bwino pakati penipeni, pa magawo 100 a magetsi pafupifupi 90 kapena kuposerako pang'ono amafika. Ndi zoona kuti waya nayenso amatayako pang'ono, ndiye kusiyana kwake si kwakukulu monga ndinkaganizira poyamba. Komabe ine ndine mlimi, ndimawerenga matumba. Tinawerengera ndi mdzukulu wanga. Batire ya galimoto yaing'ono imadya mayuniti ngati 50 kuti idzaze. Pakatayika gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye kuti mayuniti 5 apita, asanduka kutentha chabe. Babu la m'nyumba mwanga ndi la mawati 5. Mayuniti 5 amenewo akhoza kuliyatsa maola 1,000. Pa maola anayi usiku uliwonse ndi masiku 250, miyezi isanu ndi itatu mwana akuwerenga. Kwa anthu amene magetsi ndi ochuluka ngati madzi a m'nyanja, zimenezi sazimva. Kwa ife thumba lobooka timalisoka tisanathiremo chimanga, ngakhale kubookako kukhale kwa chala chimodzi.

Tinawerengeranso china. Sola yanga ya padenga ndi ya mawati 50. Kuti ndipeze makilowati 11 a chimbale chija, pafunika masola ngati yangayi 220, dzuwa lili paliwombo. Mudzi wathu wonse tikasonkhanitsa masola athu sakwana ngakhale theka. Anyamata a kabaza ndinawauza zimenezi, phokoso linachepa.

Chachitatu ndi msewu ndi anthu ake. Kuti msewu uzitchaja magalimoto amakumba tara n'kuyala mikulungo ya kopa pansi, kenako kukwirira. Tsono taganizirani misewu yathu nthawi ya dzinja, madzi akakokolola m'mbali, maenje akatseguka ngati mbiya. Nanga wa kumudzi kuno, woti ngolo imatitimira mpaka ekiselo? Ndipo tisabisane, kopa amatisokoneza mitu. Chaka china akuba anabwera usiku pa tireding'i senta pathu, anagwetsa thiransifoma n'kusolola waya yense wa m'kati. Chigayo chinakhala chete miyezi, azimayi ankasenza chimanga ulendo wa maola awiri. Amene anachita zimenezo sanachokere kumwamba, ndi ana a m'midzi momuno, ndipo alipo amene anawagula kopayo. Mukawauza kuti pansi pa msewu pali kopa, mawa mupeza msewu walimidwa mizere. Apa sindikuloza boma chala, ndikudziloza ndekha ndi inu nomwe. Zinthu zina zisanabwere, khalidwe liyambe lakonzeka.

Palinso tina ting'onoting'ono. Chitsulo chikagwera pakati pa chimbale ndi galimoto, kaya msomali, kaya chitsekerero cha botolo, chimatentha. N'chifukwa chake anaikamo tizipangizo tozindikira chitsulo kapena chamoyo, tikaona kanthu timazimitsa magetsi. Nzeru yabwino. Koma pakhomo panga pamene nkhuku, abakha ndi mphaka amakonda mthunzi wa pansi pa ngolo, bwenzi chikungozima tsiku lonse. Ndipo chikaonongeka akonze ndani? Makaniko athu a pansi pa mtengo amamva injini ndi khutu, amapanga gasiketi ndi katoni. Chimbale chija m'kati mwake ndi zamakompyuta zokhazokha, sipeyala yake ikachokere kunja, yolipira madola.

Tsono wina anandiyankha pa bawo paja, ndipo anayankha zanzeru, sindimubisa. Anati, "Inu akulu, mumanenanso chimodzimodzi za mafoni. Kale lamya inali ku positi ofesi ndi kwa a DC basi. Tikanadikira mapolo a lamya kuti afike mudzi uliwonse bwenzi mpaka lero tikulemberana makalata. Koma tinadumpha, tinangofikira pa foni yam'manja. Bwanji apa osadumphanso?" Ndinagona nalo funso limeneli. Zoona, mafoni am'manja atayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ine ndinali mmodzi mwa amene ankati ndi zoseweretsa za mabwana. Lero ndikugulitsa kachewere pa foni, ndalama ndikulandirira pa foni, ndipo inu mukundiwerenga pa foni. Ndinalakwitsa nthawi imeneyo, ndikhoza kulakwitsanso.

Koma kusiyana kulipo. Foni inachotsa makilomita a waya, chifukwa mawu ndi opepuka, amauluka kutali ndi mphamvu yochepa. Chimbalechi chikuchotsa mamita atatu okha, makilomita aja akufunikabe. Ndiponso foni yomweyo imene inadumpha mapolo a lamya, lero ikamafuna kudya timapita nayo kuti? Ku sola, kapena kwa mnyamata wa pa golosale amene amatchajitsa. Mawu anadumpha waya, koma magetsi sanadumphe. Kudumpha kwathu kwenikweni pa nkhani ya magetsi ndi sola, chifukwa ndi imene imafika pamene mapolo sanafike.

Musandimve molakwa ngati ndikudana ndi magalimoto amagetsi. Ayi ndithu. Ngati pali dziko limene likufunika kuchoka pa petulo ndi lathu lino. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo limachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo timalipira madola amene timawapeza movutikira ndi fodya, tiyi ndi shuga. Madola akasowa, mizere pa malo omwetsera mafuta, monga tinaonera mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinaimva m'thumba. Mafuta akasowa m'tauni, kuno amatipeza kawiri: wa kabaza amakweza mtengo chifukwa wagula a m'zigubu, ndipo wa lole amene amadzatenga kachewere ndi kabichi sabwera, zinthu n'kuwolera pamsewu. Ine zinandionekerapo, matumba ndinachita kugulitsa mtengo wolira.

Pamene dzuwa ndiye sitiitanitsa ku Beira. Amene munatsikapo Khwekhwerere kupita ku Golomoti munaona munda wa masola uja, wa mamegawati 20, wokhala ndi mabatire osungira magetsi, umene unayamba mu 2022. Ku Salima kuli wina wa mamegawati 60 umene unayamba mu 2021. Ine nditauona wa ku Golomoti koyamba ndinaima kaye, ndinati kani dzuwa limene limatiwaula m'munda lija ena akulikolola ngati mbewu. Njira yathu ndi imeneyo.

Ndipo anzathu a mu Africa momuno apeza kale nzeru yogwirizana ndi moyo wathu. Ku Kigali m'dziko la Rwanda kuli kampani ya Ampersand, ndipo ina ya Spiro ili m'mayiko monga Benin, Togo, Kenya ndi Uganda. Iwo njinga zamoto za kabaza ndi zamagetsi, koma woyendetsa sadikira kutchaja. Batire ikatha amapita pa shopu, amasiya yakutha n'kutenga yodzaza, mphindi zochepa wanyamuka. Chimodzimodzi mmene timabwezera botolo la Fanta n'kutenga lina. Mabatire aja amatchajidwa pa shopupo ndi waya wamba. Palibe kukumba msewu, palibe chimbale. Ku Nairobi mabasi amagetsi a BasiGo anayamba kunyamula anthu mu 2022, amatchaja ndi waya pa depoti. Ethiopia ndiye anafika poletsa kuitanitsa magalimoto ang'onoang'ono apetulo ndi dizilo mu 2024, podalira magetsi a m'madamu awo. Izi ndiye nkhani zoti anyamata a kabaza azidumpha nazo, chifukwa zimenezi zikhoza kufika pa Dedza boma ife tikadali moyo.

Mwina tsiku lina chimbale chija chidzapeza malo kuno. Ndikachiganizira ndimachiona pa depoti ya mabasi ku Lilongwe kapena ku Limbe, pamene minibasi imaima ola lathunthu kudikira kuti idzaze. Imeneyo ikhoza kumamwa magetsi kondakitala akuitanira. Koma limenelo ndi denga, ife tikadali pa maziko. Kuthamanga sikufika.

Chinanso choti tizikumbukira. Zinthu zimene akupangira magalimoto amenewa zina zili pansi pa mapazi athu. Kopa wa m'mawayawo anansi athu a ku Zambia amakumba wambiri. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe anapeza graphite, amene amalowa m'mabatire. Ku Kangankunde ku Balaka kuli miyala imene amapangira maginito amphamvu a m'mamota. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti dothi lichoke kuno, likatchaje magalimoto kwa eni ake, ife tibwezeredwe kanema wa pa WhatsApp. Aphungu athu ndi mafumu tiziwafunsa kuti m'migodi imeneyi mudzi utsala ndi chiyani.

Nanga ng'ombe zija zatha bwanji? Ndinamuitana mnyamata wanga, mayi ake ali pomwepo. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, yotchaja yokha ija usaidikire, udzamera imvi. Ndipo ndalama ya Kwacha siisungidwa m'nyumba kudikira maloto, imasungunuka ngati mchere. Ng'ombe zikhale." Ndinamuseka kuti pakhomo pano zoyendera zotchaja popanda waya tili nazo kale, m'mawa timazitsegulira kudambo, madzulo zabwera zodzaza, ndipo utsi wake ndi manyowa. Sanaseke, ndipo ndinamumvetsa. Mnyamata wa zaka 23 wokhala ndi satifiketi ya Folomu 4 koma wopanda chochita, mtima umamuwawa. Kumukaniza kokha sikukwanira.

Ndiye tinapangana chonchi. Tikakumba kachewere wakudimbayu, ndalama yake ndi ya njinga, ndionjezerapo mbuzi zitatu, iyenso aikepo zake za maganyu. Asanagule apite ku Lilongwe kwa achemwali ake akafufuze ngati njinga yamagetsi ikupezeka, ndipo wogulitsayo akamufunse mafunso atatu. Ndizikatchaja kapena kusinthitsa batire kuti, kufupi ndi kwathu? Ikaonongeka akonza ndani, sipeyala ili kuti? Batire imakhala zaka zingati, ndipo yatsopano ndi ndalama zingati? Mayankho akakhala omveka, tigula yamagetsi ndipo ine ndidzakhala woyamba kukwera. Akayamba kukanda m'mutu, tigula yapetulo, ayambe ntchito, zamagetsizo zidzamupeza ali pamsewu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kwa inu abale a m'tauni ndi akunja, makanemawa muzititumizirabe, amatitsegula maso. Koma ndili ndi pempho. Kalabu yathu yakudimba tikuthirira ndi makeni, ndipo amene ali ndi injini yapetulo theka la phindu limathera mafuta. Pampu imodzi ya sola ikhoza kusintha mabanja khumi. Mukamaganiza zothandiza kumudzi, musamangodikira maliro ndi ziliza. Mutu umodzi susenza denga, tikasonkherana inu ndi ife chaka chimodzi chokha pampu ibwera. Kenako masola angapo pa tireding'i senta, oti lero azitchaja mafoni ndi mabatire a nyali, mawa azidzatchaja mabatire a njinga za ana athuwa. Siteji yathu ya magetsi idzayambira pamenepo, osati pansi pa tara.

Ndipo inu ana asukulu amene mumawerenga pa foni ya makolo anu, sayansi musaithawe. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito dinamo ya njinga ndi zitsulo zotola, sukulu atasiyira panjira chifukwa cha fizi. Nzeru imene inayatsa babu m'nyumba mwawo ndi yomweyo ya Faraday, yomweyonso ili m'chimbale cha mukanema uja. Kusiyana ndi zipangizo basi. Masukulu a ntchito zamanja alipo, ku Namitete, ku Lilongwe ndi kwina, ndipo ena amaphunzitsa zamagetsi. Zinthu izi zikadzafika tidzafuna ana athu omwe oti azidzazitsegula ndi kuzikonza, osati kumangoitana munthu wochokera kunja pa kawaya kamodzi kothothoka.

Muphwa wanga, kanema uja ndaona, zikomo, wandiphunzitsa zambiri kuposa mmene unkaganizira. Ukamabwera pa Khirisimasi usanyamule chimbale ayi, unditengere batire yabwino ya sola, yangayi yayamba kufa isanakwane 8 koloko.

Ndalankhula zambiri, foni yatsala 9 peresenti ndipo dzuwa lalowa kale, ndiye ndikaisake tchaja yanga ya waya ija. Amene mukuona mosiyana ndi ine nenani momasuka, makamaka inu odziwa zamagetsi, pamene ndaphonya mundikonze. Mawa ndi tsiku la msika, amene mukufuna kachewere wambewu mundipeza pamalo paja. Mugone bwino nonse.